Mdala wophika guluu ku Mbare wadzutsa mipando ya agogo, koma kudikira kwake eee

Mipando inayi ya agogo anga inabwerako mwezi watha ndipo taikhalira mokwanira tsopano, alendo akhalapo, ana akwerapo ndi nsapato, ndiye ndikhoza kuyankha anthu amene akhala akundifunsa ku tchalitchi ndi ku sosaite ya maliro kuti kodi mdala wokonza mipando uja wa kuseri kwa Magaba ku Mbare ndi mmisiri weniweni kapena ndi wapakamwa chabe. Ndi mmisiri, za izo musakayike. Koma ngati ndinu aphuma musavutike nkukwera kombi, mukangokangana naye basi.

Mipandoyi ili ndi mbiri yake pang'ono. Agogo aamuna anachoka ku Ntcheu nthawi ya chitaganya, mu 1956, Harare akadali Salisbury, nkudzagwira ukhukhi kwa azungu ena ku Avondale zaka zambirimbiri, ndiye azunguwo posamuka anawasiyira mipando inayi ndi katebulo kakang'ono ka pambali. Ndi ya mlombwa, umene anzathu kuno amati mukwa, mtengo uja ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Agogo anamwalira, amayi anamwalira, mipando nkugwera ine ku Mufakose kuno. Thabwa lake silinadyedwe ndi chiswe olo pamodzi, koma miyendo inali itayamba kugwedera moti munthu wonenepa akakhalapo mtima umakhala m'mwamba, kumangomuuza kuti khalani pa sofa achimwene pamenepo pali fumbi kkkk.

Umodzi bambo akunyumba anati aukonza okha. Anagula guluu wa timachubu tiwiri tosakaniza tija, nkuthira, nkukhomerera misomali itatu ya mainchesi atatu, pamwamba nkupaka vanishi wonyezimira ngati galasi. Unakhala bwino miyezi inayi kenako mwendo wakumbuyo unang'aluka motsata msomali. Sungani nkhani ya mpando umenewu, tibwereranso.

Ndinapita koyamba kumayambiriro kwa June, ndinatsika pa Mbare Musika nkupeza mnyamata wa ngolo yokankha kuti andinyamulire. Malo a mdalayu musayembekezere shopu ya chikwangwani ayi, ndi shedi ya malata, benchi yaitali imodzi, makalampa ali lendelende pa khoma, utuchi mpaka m'akakolo, ndi mbaula pakona. Fungo ndi limene limayamba kukulonjerani. Si fungo lowola kwenikweni koma ngati msuzi wa nyama umene wagona pa moto, ndipo mukachokako zovala zimapita nalo. Anandilonjera m'Chishona, ineyo ndikuyankha foni ya bambo m'Chichewa, nditangodula anati, "Kodi amayi ndinu akwathu? Kumudzi nkuti?" Ndinati ku Ntcheu madala. Iwo akuti makolo awo ndi a ku Thyolo ngakhale anabadwira ku Highfield ndipo ku Malawi anapitako kawiri kokha, konse kokaika maliro. Kuyambira pamenepo Chishona chinatha, ndipo ndikuganiza kuti mtengo unatsikako pang'ono ngakhale iwo sangavomere.

Anatembenuza mpando woyamba miyendo m'mwamba, nkuugwedeza, nkukoka kathabwa kopingasa kaja mpaka kanatuluka m'dzenje mwake. Mkatimo munali tinthu tabulauni tong'alukang'aluka ngati shuga wopserera. Anapalako ndi kampeni, kunyowetsa chala ndi malovu, kupaka pamenepo kanthawi, kenako nkundigwiritsa. Kunanata! Zaka zonsezi chinthu chouma gwa koma chitangolawa chinyezi ndi kutentha kwa chala chinayambanso kumata. Anati, "Mwaona amayi, ameneyu ndi guluu wachikopa. Amene anapanga mpandowu anadziwa kuti tsiku lina wina adzaufuna kuumasula." Mipando itatu yoyambayo inali choncho yonse ndipo ankangomwetulira. Atafika pa wachinayi uja anakhala chete, kuuyang'ana, kundiyang'ana ine, nkufunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ndinati ndi bambo a ana madala. Anati, "Mukawauze bambowo kuti misomali ndi ya denga."

Za guluuyu ndinafunsa mafunso ambiri mpaka anandipatsa chitini choti ndikhalepo. Kufotokoza kwawo kunali kosavuta, anati munaphikapo mang'ina? Amene kuno timagula kuti mazondo aja. Mukawaphika nthawi yaitali nkusiya msuzi uzizire, m'mawa mumapeza wagwirana ngati jele, mukautenthetsa usungunukanso. Ndi zomwezo. Chimene chimagwiranitsa msuziwo chimachokera m'chikopa, m'mitsempha ndi m'mafupa, ndipo guluu wachikopa ndi chinthu chomwecho chochiphika mpaka kukhuthala nkuchiumitsa. Bambo awo akuti ankapanga okha, kutenga zodulira za chikopa cha ng'ombe, kuziviika m'madzi a njereza kuti ubweya uchoke, kutsuka kambirimbiri, kuphika pamoto wa pang'onopang'ono tsiku lonse, kusefa pa nsalu, nkuumitsa pa mthunzi. Iwo amapangabe mwa apo ndi apo koma anavomera kuti nthawi zambiri amagula wouma kale wa timibulu chifukwa aneba a shedi amadandaula fungo. Ndinakonda kuti sananame pamenepa, wina akanati zonse ndimapanga ndekha kuti mtengo ukwere.

Timibuluto amativiika m'madzi ozizira usiku wonse, m'mawa tatupa, ndiye amaika kachitini kake mkati mwa chitini china cha madzi pa mbaula, guluu asakhudze moto. Safuna kuwira. Amafunika kutentha kwa madigiri 60 kapena kuzungulira pamenepo, akabwata mphamvu imatha. Mdalayu alibe choyezera chilichonse, amangoviika chala m'madzi akunjawo, chikapirira pang'ono nkuthawa ndiye kuti zili bwino, kenako amanyamula burashi nkuona mmene akutsikira, akuti azitsika ngati phala la mwana losalimba, osati kudontha ngati madzi komanso osati kugwa zibuma. Amaphika wochepa wongokwana tsikulo chifukwa wosungunula kale sakhalitsa, masiku ochepa wayamba nkhungu ndi kununkha.

Tsiku limene ankamanga mpando woyamba ndinalipo, ndinadzera dala. Apa ndiye ndinaona kuti ntchitoyi ndi ya manja achangu ngakhale mwini wake ndi wochedwa pa zina zonse. Guluuyu akangochoka pamoto amayamba kugwirana, mphindi imodzi kapena ziwiri basi, ndiye kuzizira kwa June kwa Harare kuno mukukudziwa, thabwa lozizira limamuumitsa asanalowe nkomwe. Choncho anayamba wayala zidutswa zonse pa dzuwa la masana, kuwambako mitu yake pafupi ndi mbaula, kuyeserera kulowetsa popanda guluu kawiri, makalampa atatsegula kale pa muyezo. Kenako anandiuza kuti amayi tsopano musandiyankhulitse. Burashi m'dzenje, burashi pa mutu wa thabwa, lowetsu, kugogoda ndi hamala ya mtengo, kalampa, kupotokola, mbali ina chimodzimodzi, ndisanamalize nkutsegula kamera ya foni mpando unali utaima. Wotuluka m'mbali anangopukuta ndi kansanza konyowa ndi madzi ofunda. Galu wa pa shedipo anabwera kudzanyambita pansi pamene panadonthera, akuti amatero tsiku lililonse ndipo chitini akachiiwala pansi amachipeza chili mbee.

Funso limene ndinali nalo, ndipo mwina inunso muli nalo, ndi loti bwanji osangogula guluu woyera wa m'botolo uja aliyense akugwiritsa ntchito, wotchipa, wosanunkha, wosafuna makala. Iwo sananyoze, anati pa ntchito zatsopano za paini nawonso amamugwiritsa ntchito ndipo amagwira bwino. Nkhani ili pa tsiku limene mpando udzagwederenso, chifukwa mpando uliwonse umadzagwedera, anthu timaukoka, timatsamira, ana amauyendetsa ngati galimoto. Woyera uja akauma sagwirana bwino ndi mnzake watsopano, umayenera kupala yense mpaka thabwa lioneke, ndipo popalapo umadya thabwa, dzenje nkukula, ulendo wina likulanso. Wachikopa umangothira madzi otentha, wafewa, kumasula, kuthira watsopano pamwamba pa wakale nkugwirana ngati pachibale. Nchifukwa chake opanga ma violin mpaka lero sanamusiye, amafuna kuti chida chizitheka kutsegula osathyola, ndipo ndi wakalekale zedi, ngakhale mipando ya m'manda a mafumu a ku Egypt anamatira yemweyu. Kumva zimenezi uli pa chitini ku Mbare utuchi uli m'tsitsi kumasangalatsa ndithu.

Mpando wachinayi unawatengera masiku. Guluu wa timachubu uja samva madzi otentha, ndiye anachita kumusema ndi tchizulo pang'onopang'ono, kuzula misomali, kudula pong'alukapo nkuikapo kachidutswa ka mlombwa wina kochokera ku chitseko chakale. Chigambacho chikuoneka mukayang'anitsitsa, mtundu wake ndi wotuwirako. Anandilipiritsa madola 12 pa mpando uliwonse wa itatu ija, wachinayi 25, katebulo 15. Poyamba ndinaona ngati zakwera chifukwa ndi ndalama imeneyo ukhoza kupeza mipando yatsopano ya paini yokhoma ndi mastepulo, koma nditaona maola amene analowa pa mwendo umodzi uja ndinasiya kunenerera. Amafuna theka poyamba, kashi kapena EcoCash.

Tsopano zondinyansa, chifukwa zilipo. Anati masabata atatu. Anakwana asanu ndi awiri. Foni yawo ndi kakang'ono ka mabatani kaja kuno timati kambudzi ndipo nthawi zambiri imakhala yothima, mukaipeza ikulira sayankha chifukwa akuti m'manja muli guluu. Ndinapita ulendo wina osapangana nkupeza shedi yotseka, mnyamata woyandikana naye akuti apita ku maliro ku Dzivarasekwa abwera mawa, mawa lakelo linakhala Lachinayi. Ndalama ya kombi yopita pachabe katatu. Zina mwa zifukwa zawo zinali zomveka, mafuta sauma msanga nyengo yozizira, zimenezo nzoona, koma munthu umangofunika kuuzidwa poyamba kuti amayi izi ndi za miyezi iwiri, osati kumangoti bwerani Loweruka bwerani Loweruka. Ndiponso ali ndi kamwano kena. Ndinawafunsa ngati angandikonzere kabati ya kukhitchini ya chipboard imene inatupa ndi madzi a pa sinki, anaseka nkunena kuti imeneyo si thabwa ndi utuchi wovala yunifolomu, kaitayeni. Mwina nzoona kuti siikonzeka koma anthufe timagula zimenezo chifukwa cha thumba, si kuti mlombwa sitiudziwa. Zinandikhudza pang'ono, ndinangokhala chete poti ndi akulu.

Kumbali ya polishi ndi kumene ndinaphunzira zambiri komanso kumene muyenera kusankha mwanzeru. Vanishi wa bambo uja anamupala ndi chidutswa cha galasi losweka, osati sandipepa, amachigwira chopendekeka nkumakoka, timapalo topyapyala tikungopiringizika, pansi pake mlombwa nkutulukira ndi mizere yake yagolide ndi yofiirira imene ineyo chibadwire ndinali ndisanaione bwinobwino. Pa mipando anapaka mafuta a linseed, kusiya alowe, kupukuta otsala onse mpaka pouma, kudikira masiku, kubwerezanso, katatu konse. Pomaliza phula la njuchi limene amagula kwa amayi ogulitsa uchi, amalisungunula nkusakaniza ndi turpentine kuti likhale lofewa ngati batala, kupaka pang'ono nkukwecha ndi nsanza mpaka mkono kuwawa. Sizinyezimira ngati za m'shopu ayi. Zimawala mofatsa, ndipo ukagwira umamva thabwa osati pulasitiki. Anandichenjeza kuti linseed amene amalembedwa kuti ngowiritsa amathiramo mankhwala oumitsa msanga, ndiye asapakidwe pa mthiko, chipande kapena thabwa lodulira nyama.

Ali mkati mopaka anayamba nkhani ya mafuta a tung, akuti amenewo ndiye amapirira madzi kuposa linseed koma kuno ngodula ndipo sapezeka wamba. Chimene chinandidabwitsa nchoti mitengo ya tung, imene kwawo ndi ku China, inkalimidwa kwathu ku Nyasaland, ku Thyolo ndi kumpoto, moti tauni ya Mzuzu inayambira pa esiteti ya tung cha m'ma 1940. Bambo awo asanabwere kuno akuti ankatola mtedza wake ku Thyolo, wosadyedwa, ndi poizoni. Ineyo Mzuzu ndimangoidziwa ndi khofi, za tung ndinamvera ku Mbare.

Nsanza za mafuta zija saziunjika. Iliyonse amaiyanika payokha pa waya kapena kuiponya m'ndowa ya madzi, chifukwa linseed akamauma amatulutsa kutentha, ndipo nsanza zikaunjikana mulu zimatha kuyaka zokha popanda machesi. Ndinkaona ngati nthabwala koma nkhope yawo sinali ya nthabwala, ndipo aliyense amene anaonapo utsi wa ku Glen View Area 8, kumene amapangira mipando kuja, ulendo uliwonse kukapsa amadziwa chimene moto umachita pamalo podzaza matabwa, utuchi ndi siponji. Ngati mukapake nokha kunyumba chonde gwirani mfundo imeneyi.

Katebulo anakapaka shellac chifukwa ndinati ndikufuna kawale. Ameneyu ngwachilengedwe koma si wakuno, amachokera ku tizilombo tina ta ku India ndi Thailand timene timamata utomoni wake pa nthambi za mitengo, amabwera ngati timapepala tabulauni tophwanyika, nkumasungunula mu sipiriti. Sipiriti wathu wa pepo uja akuti pa thabwa loyera amasiya kamtundu koma pa mlombwa sizioneka. Amakulunga thonje m'kansalu, kuviika, nkumazunguliza pa thabwa osaima, kuuma, kubwereza, kambirimbiri. Kanatuluka kokongola zedi moti ndinakaika pa WhatsApp status. Patangotha masiku anayi mlamu wanga anabwera nkuikapo kapu ya tiyi wotentha popanda sosala, pochotsa panatsala mkombero woyera. Ndinatsala pang'ono kulira. Mdala anali atandiuza kale kuti shellac sagwirizana ndi zotentha, madzi okhalitsa ndi mowa, ineyo ndi amene ndinaumirira. Ubwino wake nditabwerera nako anangopukuta ndi kansalu ka sipiriti pang'ono, kudutsitsa shellac wina kawiri, mkombero nkuzimiririka, mphindi makumi awiri, sanandilipiritse. Komabe tebulo lodyera la nyumba ya ana asanu ngati yanga sindingaliike zimenezi, ndingakhale wapolisi wa makapu tsiku lonse.

Chimodzimodzi guluu wachikopayo, madzi ndi mdani wake. Chimene chimamupangitsa kukonzeka ndi chomwecho chimene chimamufooketsa. Mpando wa pakhonde wovumbwidwa ndi mvula ya Disembala, benchi ya panja, shelefu ya m'bafa, zimenezo ayi, ndipo iwo eni amakana kapena amakuuzani kuti agwiritsa ntchito guluu wamakono wosamva madzi. Mnzanga wina wachiyao wa ku mzikiti wa ku Mbare anandifunsa kuti chikopacho ncha nyama yanji, wopanga okha ndi wa ng'ombe, koma ngati zimenezi zili ndi kanthu kwa inu funsani pomwepo akuonetseni amene agwiritse ntchito, sakwiya nazo.

Matabwa awo ambiri ndi akale. Kuseri kwa shedi kuli mulu wa zitseko zogumula, mabedi othyoka, mafelemu a mawindo, ndi masilipa a njanji a mukusi wa ku Matabeleland olemera ngati mwala, akuti amaphwanya mano a sowo koma akatha amakhala moyo wa munthu ndi mwana wake. Mlombwa watsopano amaugwira mwa apo ndi apo, wakwera mtengo ndipo umakula mochedwa kwambiri, mtengo woti ucheke matabwa abwino ndi wa zaka makumimakumi. Mu 2022 pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi mitengo yakutchire, ku Panama anaika mlombwa, mbawa ndi msambamfumu za mu Africa muno pa mndandanda wa mitengo yofuna chilolezo poigulitsa kunja kwa dziko, ndiye amene mumaganiza zotumiza matabwa otere kudutsa pa malire a Nyamapanda muyambe mwafunsa za mapepala. Mdalayu mawu akuluakulu a zoteteza chilengedwe sawatchula nkomwe, amangoti mtengo unagwa kale uyenera kugwira ntchito mpaka utope.

Ndiye amene muli ndi mpando, kabati, bedi kapena bokosi la makolo la thabwa lenileni limene layamba kugwedera, pitani nalo lisanakhomedwe misomali, ndalama yokonzetsera imakhala theka. Mutenge ndi mtima wodikira, ndipo tsiku limene akuuzani muwonjezerepo masabata anayi mumtima mwanu. Amene mukufuna seti ya sofa ya ukwati wa mwezi uno pitani kwina, ngakhale iwo adzakuuzani zomwezo.

Phula anandipatsako m'kabotolo ka Vaseline kuti ndizipaka kawiri pa chaka, fungo lake ndi uchi wosakanikirana ndi turpentine, ana akuti m'nyumba mukununkhira tchalitchi. Bokosi la matabwa limene agogo anabwera nalo kuchokera ku Ntcheu lili pansi pa bedi chivindikiro chitachoka, anati ndibwere nalo mu September kukafunda mvula isanayambe, ndipo ndisalole munthu aliyense aliyandikire ndi machubu. Mpando wa chigamba uja tinauika kumutu kwa tebulo, amakhalira bambo akunyumba, ndipo uthenga wa misomali ndinawafikitsira mmene unalili.